Ometa Anameta Dziwe

Anthu a mumsewu uja pakamwa ali napo, koma maso alibe. Mukawafunsa za Ometa akuuzani kuti ndi bambo uja wa malaya oyera aatali, amene shopu yake yapanikizika pakati pa osoka nsapato ndi sitolo ya mapaipi, munthu wosaseka, wouma ngati chikuni. Bodza lenileni! Zoti saseka n'zoona, nanga aseke chiyani? Koma kuuma ayi. Munthu wouma satha zaka ali m'matope ndi udzudzu chifukwa cha mwana amene sanabale.

Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi. Muli mpando wozungulira umene unaleka kalekale kuzungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi la odikira, mashini awiri ometera ndi zipeso zoviikidwa m'botolo la mankhwala. Pansi simungapeze tsitsi ngakhale limodzi. Apa ndiye pagona matenda awo: Ometa sangaone chinthu chitasongoka n'kuchisiya. Kaulusi kakalendewera pakolala ya kasitomala, sizasi yafika kale. Tsache lawo lomwe amalimeta kuti lilingane kumapeto. Osoka nsapato amati tsiku lina adzagwira mphaka wa eni nyumba n'kumuika pampando.

Mwanayo anabwera ndi kulira. Mayi wina wosoka makatani analowa m'shopumo atamupanira m'khwapa ngati mtolo wa nkhuni, kamtsikana kongoyamba kumene kulankhula, m'mutu muli zipere. Mashini atangolira, kamwanako kanatembenuka n'kuwaluma Ometa chala mpaka magazi. Mayiyo anafuna kulowa pansi ndi manyazi. Ometa anangoyang'ana chalacho n'kunena kuti, "Mano ali bwino. Tsopano tione mutu."

Chaka chisanathe, mayi uja anali atapachika makatani ake m'zipinda ziwiri za pamwamba pa shopu, ndipo kamwana koluma kaja kanali kakuthamanga pamasitepe kakukuwa kuti, "Ababa! Ababa!" Bambo womubala anasowa mimba isanaoneke n'komwe. Ukwati wa pepala panalibe, anangokhala basi monga akhalira anthu ambiri.

"Amwene," anatero osoka nsapato tsiku lina, msomali uli kukamwa, "ndikuchenjezeni. Mwana wa mwini ndi gaga, saundika."

"Inu sokani nsapato zanuzo," anayankha Ometa. "Mwa ana anu enieni aja, wakuonani ndani chaka chino?"

Osoka nsapato anatsala pang'ono kumeza msomali.

Kumapeto kwa tawuniyo, kuseri kwa malo oimika mabasi, kuli paki. Kale ankaswako miyala. Miyala itatha anthu anayamba kutayako zinyalala, mpaka makolo ena ndi aphunzitsi anakwiya, nachotsa zinyalalazo, nabzala mitengo. Lero muli nkhalango, kamtsinje, matanthwe okwera, mlatho wa zingwe, ndi nyumba ya mafupa, zigoba ndi magalasi okuzira zinthu, momwe mwana amagwira chilichonse osamenyedwa dzanja. Pakiyo ilibe mwini wolemera. Imaima ndi mabanja amene amatenga khadi la umembala chaka ndi chaka.

Alipo anzeru ena amene amati, "Kulipira kuti ukaone udzu?" Atseke pakamwa amenewo! Sanalerepo mwana m'zipinda za pamwamba, momwe bwalo losewerera ndi masitepe, ndipo mtengo wapafupi ndi pholo la magetsi. Pali mayi amene amatenga khadi kuti anyamata ake akathamange mpaka miyendo ilefuke, akafika kunyumba agone osaswa mipando. Pali bambo amene mwana wake salankhula ndi munthu, koma akafika kwa akamba amacheza nawo mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo onsewo akudziwa kuti tsiku limene makhadi adzathe, m'mawa mwake kudzafika anthu a zingwe zoyezera kudzadula mapuloti.

Khadi la banja limabwera ndi ntchito. Banja lililonse limapatsidwa gawo lake loti lizisamalira: kutola mapepala, kubweza miyala ya m'mbali mwa njira, kudula nthambi zotchinga podutsa. Wa khadi la munthu mmodzi alibe gawo, amangolowa ndi kutuluka ngati mlendo. Ometa anatenga khadi lawo magawo abwino atatha. Anapatsidwa kadziwe ka kumapeto kwenikweni, ka matope, bango ndi ndere, kamene mabanja ena anakakana.

Lamlungu loyamba lomwelo, mtsikanayo anatulukira pageti nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja yodzaza madzi, muli mbululu zikusambira. Mayi a pageti, mayi wa thupi ndi mawu omveka kutsidya, anamugwira phewa.

"Iwe, katundu wa paki ukupita naye kuti?"

"Ndi ana anga."

"Amawo akuwafuna. Kabweze msanga, Mbululu iwe! Bambo a Mbululu, mperekezeni."

Dzina linakhala pomwepo, la mwana ndi la bambo lomwe. Mvetsani bwino apa. Mumsewu iwo ndi Ometa. Kusukulu ankawatcha womuyang'anira mwana. Achibale a mkazi wawo ankangoti "bambo aja". Koma pageti paja, anthu onse akumva, anali Bambo a Mbululu, ndipo palibe amene anafunsapo za magazi.

Tisanamizane, za chilengedwe Ometa sankazidziwa, ndipo sankazifunanso. Kwa iwo chule anali chule, chinthu chonyansa cha maso pamutu. Mwana akalowa m'nyumba ya mafupa kukamva zophunzitsa, iwo ankakhala panja atafungatira nsapato zake ndi botolo la madzi. Akakhala padziwe, mwana ankayang'ana m'madzi, iwo ankayang'ana mwana. Ntchito yawo inali njira, ndipo njira yawo inali yosalala ngati chibwano cha mkwati. Koma sizasi ikangoloza ku bango, kamawu kankatuluka m'matope.

"Ababa! Si mutu wa kasitomala uwo! Njira yokha!"

Ankabweza dzanja akung'ung'udza. Chifukwa chake sanafunsepo. Ankangoti ndi zachibwana, mwana kukonda uve, akadzakula adzasiya.

Banja lawo silinathe ndi ndewu. Likanakhala la ndewu bwenzi pali wotukwana. Linangozima ngati kandulo. Munthu amene wamvetsera mitu ya anthu tsiku lonse, za mpira, za ndale, za akazi a eni, akakwera masitepe amakhala atatha mawu. Mayi a Mbululu ankati, "Ndimakhala ngati ndinakwatiwa ndi kabati." Ankanena moseka, kenako analeka kuseka, kenako analeka kunena. Mwana atayamba sekondale, mayiyo anatsitsa makatani ake n'kupita naye. Mawindo anatsala maliseche. Ometa anamatamo manyuzipepala, atawadula m'mbali mowongoka bwino.

Patapita nthawi mayiyo anakwatiwa ndi bambo wina wa ku ofesi ya zamadzi, wamasiye, wa ana aang'ono awiri ndi galimoto. Tisamunenere zoipa ngakhale mtima ukufuna. Ndi munthu wofatsa, amapereka moni kwa aliyense, ndipo zimenezo n'zimene zimapweteka kwambiri.

Ometa anapitako kamodzi kunyumba yatsopanoyo, atanyamula jombo za mwana zimene zinatsala pansi pa masitepe. Kunali kapinga wodulidwa bwino ndi maluwa m'mizere. Mtsikanayo anatuluka, mayi ake ataima kuseri kwa chitseko, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji?" Basi. Ngati akulonjera wowerenga mita ya magetsi. Jombozo zinali zitamuchepera kale. Ometa anabwerera nazo, ndipo sanapondekonso.

Koma khadi sanalisiye. Chaka chikatha ankalitenganso, la banja lomwelo, dzina la mwana lili pomwepo. Lamlungu lililonse ankatseka shopu, kukwera basi, kutsika pomaliza, kuyenda m'mbali mwa mpanda mpaka pageti.

"Bambo a Mbululu! Lero nokha?"

"Akuwerenga. Mayeso ali pafupi."

Lamlungu linalo, mayeso. Linzake, mayeso. Mwana ameneyo akanalemba mayeso onsewo bwenzi pano ali dokotala. Mayi a pageti analeka kufunsa, koma dzina sanaleke kuitana, ndipo Ometa ankalinyamula dzinalo mosamala kuchokera pageti mpaka kudziwe ngati munthu wonyamula moto pachigoba.

Kusungulumwa kwa m'chipinda kuli ndi polekezera, umayatsa wailesi. Kusungulumwa kwa pakati pa mabanja ndiye kulibe mankhwala. Pamlatho wa zingwe ana akukuwa, "Adadi, taonani! Ababa, ndigwireni!" ndipo khosi limatembenuka lokha usanaliuze. Ometa ankadutsa mofulumira ngati ali ndi kothamangira. Akafika kudziwe ankatola timapepala, kusesa njira, kudula nthambi ziwiri zitatu, ntchito yatha. Kenako ankakhala pamwala umene kale ankaonererapo mwana, manja ali pamawondo, opanda nsapato ya munthu yoti afungatire. Bango linakula mpaka kuwapitirira msinkhu. Zala zinkawayabwa, koma ankalisiya. Madzulo ankakwera basi pakati pa ana ogona pamiyendo ya makolo awo, akafika kukatenthetsa tiyi wa m'mawa, kumwera chiimire pawindo la manyuzipepala.

Tsiku lina mayi a pageti sanakuwe. Anawakodola ndi chala kuti alowe m'kanyumba ka matikiti.

"Takhalani pansi, bambo."

"Ndaima bwino."

"Kunabwera bambo uja wa zamadzi. Akufuna khadi la banja, iye, mayi a Mbululu, tiana tiwiri tija, ndi Mbululu."

"Atenge. Paki si yanga."

"Musandiyankhe ngati ndine kasitomala wanu. Mwana mmodzi sakhala pa makhadi awiri, lamulo lake n'lomwelo. Ndinawauza kuti mwanayo ali kale pa khadi lina. Mayi ake akuti ndi wamkulu tsopano, asankhe yekha. Abwera Lamlungu likudzali, tsiku loyendera magawo a mabanja."

Ometa anayang'ana kalendala ya pakhoma. Inali yopendekeka. Anaiwongola.

"Akachoka pa langa?"

"Lanu lisanduka la munthu mmodzi. Dziwe tipereka kwa banja lina." Mayiyo anapumira m'mwamba. "Ine kuitana ndizikuitanani momwemo, pakamwa ndi panga. Koma mukudziwa nokha."

Ankadziwa. Dzina lokuitana pokumvera chisoni lili ngati malaya obwereka, umavala koma sutambasula manja.

Mkati mwa sabata imeneyo anamuona mwanayo. Anali akusesa pakhomo la shopu, galimoto ya bambo wa zamadzi inaima kutsidya kwa msewu, mtsikana natsika kukagula buledi. Anali wamtali, tsitsi lolukidwa bwino ndi manja a munthu wina, kachikwama paphewa, nsapato zoyera mbee. Analumpha kathaphwi ka m'mbali mwa msewu mosamala ngati namwali wa pa ukwati. Sanayang'ane kushopu. Ometa anatsala ndi tsache m'manja.

"Mwamuona?" anatero osoka nsapato. "Si kamwana ka m'matope kaja ayi. Mwana wamkazi akafika apo amafuna zaukhondo. Kwa mnzanuyo kuli kapinga, kuli maluwa. Inu mukamuonetsa chiyani? Chithaphwi cha udzudzu?"

Mawu a osoka nsapato n'ngofunika kuwataya pamodzi ndi zidutswa za zikopa. Koma tsiku limenelo anagwera pabala. Ometa analiona dziwe lawo ndi maso a munthu wa galimoto: bango losapesa, ndere yobiriwira ngati chimfine, chipika chowola chitagona m'madzi. Mutu wa wamisala weniweni! Mwana wa nsapato zoyera angaponde pati? Angasankhe bwanji khadi la munthu amene gawo lake likuoneka ngati eni ake anamwalira?

Loweruka, tsiku limene benchi limadzaza mpaka ena kuima panja, Ometa sanatsekule shopu. Osoka nsapato anaganiza kuti kwagwa maliro. Ometa anali atakwera basi yoyamba ndi chikwakwa chokulunga m'thumba, sizasi yaikulu ya mpanda ndi leki yokokera zinyalala. Wilibala anakabwereka kuseri kwa nyumba ya mafupa. Ogwira ntchito onse anali kumlatho wa zingwe kumene kunali khamu, kudziwe kunalibe wowaona.

Ndipo anameta, abale! Chimetere chawo sanametepo chonchija. Anayamba ndi bango, kuligwetsa lonse mpaka m'munsi. Anabwera ndi sizasi kulinganiza zitsa, kuyang'ana uku, kupendeketsa mutu, kubwerera pang'ono, kudulanso. M'mphepete mwa madzi anadulamo mzere wakuthwa wonga wa pachipumi pa mnyamata wopita kukafunsira. Kenako anavula nsapato, kupinda buluku, kulowa ndi leki. Anakoka ndere yonse. Pamodzi ndi ndere munkatuluka zinthu zina zonanda, zoterera, za timadontho takuda, zitakangamira kumizu ya bango. Anachita nazo nseru, nazikokolola zonse, kuthira muwilibala, kukakhuthula pamulu padzuwa kuseri kwa thanthwe. Chipika chowola chija analimbana nacho mpaka msana kulira, nachigubuduza kuchiponya kutchire. Tachule tina tinkalumpha kuthawa m'mapazi mwawo, iwo n'kumati, "Pitani, mwatopetsa."

Dzuwa likupendeka dziwe linali mbee, lozungulira, losalala ngati galasi la m'shopu. Anawerama naona nkhope yawo m'madzi, imvi ndi matope. Chichokere mwana, tsiku limenelo ndi limene anakwera basi mtima uli m'malo.

Lamlungu anavala shati yosita, naima pambali pa dziwe manja ali kumbuyo monga amaimira akamaliza mutu, podikira kuti kasitomala adziyang'ane. Mabanja ankadutsa m'magawo, kuyamikirana, kusekana. Mayi wina anasuzumira n'kunena kuti, "Eee, koma pano payera!" Ometa anagwedeza mutu modzichepetsa.

Kenako anatulukira panjira. Tiana tiwiri patsogolo, bambo wa zamadzi ndi chipewa chake, mayi a Mbululu, ndi mtsikana wa nsapato zoyera akuwauza ang'ono akewo kuti, "Tsopano muyende mwakachetechete, mukapanga phokoso abisala. Muona mazira, muona ena atamera miyendo, muona..."

Mawu anathera pomwepo.

Anaima. Anayang'ana madzi, anayang'ana zitsa za bango, anayang'ana pamene panali chipika. Ometa anakonza kukhosi.

"Ndakonzako pang'ono," anatero. "Kuti mupeze poponda."

Mtsikanayo anangowalambalala. Anatsata mkukuluzi wa wilibala mpaka kuseri kwa thanthwe. Anagwada pamulu paja, kachikwama kali uko, n'kuyamba kufukula ndi manja. Pamwamba ponse panali patauma gwa. Atadzuka, ndere ili m'zala, nkhope inali ija ya kamwana kamene kanaluma chala.

"Mwachita chiyani?"

"Ndimati poti mwakula..."

"Mwachita chiyani, Ababa? Awa ndi mazira! Mazira onse a chaka chino! Mwawayanika padzuwa ngati zovala! Bango lija ndi mobisalamo, chipika chija ndi nyumba yawo, ndere ija ndi chakudya! Ndinkakuuzani chiyani? Zaka zonse zija ndinkakuuzani chiyani?"

"Njira yokha," anayankha Ometa motsitsa, ngati mwana wa sukulu.

"Nanga iyi ndi njira? Kodi manja anuwo sangakhale osadula kanthu? Mukanameta mutu wanuwo!"

"Iwe!" analowerera mayi ake. "Ukulankhula choncho ndi munthu wamkulu?"

"Si munthu wamkulu, ndi Ababa!"

Tiana tija tinabisala kumiyendo ya bambo awo. Bambo wa zamadzi, pofuna kuzimitsa moto, anati, "Komabe pakongola ndithu, ntchito yagwirika..." Mtsikanayo anangomutembenukira ndi diso limodzi, bamboyo n'kumeza mawu otsalawo.

Ometa anali chiimire. Anatukwanidwa pagulu, shati yosita ili pathupi, anthu a magawo ena akusuzumira m'mitengo. Manyazi analipo, chisoni cha mazira aja chinayambanso kuwalowa, pakuti tsopano anamva chimene anakokolola. Koma pansi pa zonsezo panali kanthu kena kotentha kamene sanathe kukaletsa. Wowerenga mita ya magetsi sakalipiridwa chonchi.

Mtsikanayo analowa m'dziwe ndi nsapato zake zoyera zomwezo, mayi ake akugwira kumutu. Anayamba kutola za pansi pa mulu zimene zinali zikadali zonyowa, kuzibweza m'madzi mosamala.

"Chipika chili kuti?"

Ometa analoza kutchire.

"Chibwerere pamalo pake. Panopa!"

Anapita kukalimbana nacho, koma msana wa dzulo unakana. Ali mkati mobuula anaona manja ena agwira mbali inayo. Bambo wa zamadzi anali atavula nsapato ndi masokosi, wapinda buluku. Timupatse zake, anakankha ngati mwamuna. Anagubuduza chipikacho awiriwo osayang'anana, osalankhulana, kupatula pamene bamboyo anati, "Kumanzere, akulu," ndipo Ometa anati, "Ndaona."

Phokoso lija linafika mpaka kugeti. Mayi a pageti anatulukira akupuma mwawefuwefu, naona dziwe, nagwira m'chiuno.

"Mayo ine! Bambo a Mbululu, dziwe munalimeta mpala? Analakwa chiyani achule?" Anawakalipira mpaka mpweya kuwathera. Kenako anatembenukira kwa mtsikana amene anali m'madzi mpaka m'mawondo. "Nanga iwe, poti nonse muli pano, tithane nazo. Ukhala pa khadi liti?"

Mtsikanayo anapukuta mphuno ndi mkono, matope n'kutsala patsaya.

"Ine ndinabwera kudzatsanzika," anatero osayang'ana munthu. "Ndinawauza kale amayi kuti ndilowa pa latsopano. Ndimati dziwe lili bwino, likhala ndi aliyense." Anatola ndere ina n'kuiponya m'madzi mwaukali. "Tsopano ndichoke bwanji? Mukalipereka kwa banja lina adzathiramo nsomba zofiira ndi maluwa a pulasitiki. Mukawasiyira awa okha adzathira simenti. Ndisiyeni pomwe ndili."

"Mwanawe," anatero mayi ake, "mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndavumbwa kale, amayi. Simukuona?"

Bambo wa zamadzi anagwira mkazi wake pamkono n'kunena motsitsa kuti palibe vuto, khadi lawo likhala la anthu anayi. Mayiyo anayang'ana Ometa kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, anthu awiri amene anakhalapo m'zipinda ziwiri.

Ometa anatsegula pakamwa kuti athokoze mwana, kapena kupepesa, iwo eni sankadziwa. Mtsikanayo anakweza dzanja lamatope.

"Musandiyankhule. Mpaka achule adzabwerere m'dziwe muno, musandiyankhule. Ndipo sizasi yanuyo isadzadutsenso pageti."

Anatuluka m'madzi nsapato zikulira fotcho fotcho, natola kachikwama kake, nanyamuka osatsanzika.

Mumsewu nkhani inafika Ometa asanafike. Osoka nsapato anaseka mpaka kutsokomola. "Amwene, ndiye mwawina kapena mwaluza? Mwana ali pa khadi lanu koma sakulankhulani!" Aseke, nanga iwo wawakalipirapo ndani? Munthu amene anapereka nzeru yophetsa achule akanayenera kukhala chete mpaka Khirisimasi.

Mtsikanayo amasunga mawu ake, mutu wake ndi mwala. Amabwera Lamlungu lina, ena awiri osabwera. Akabwera amatsika m'galimoto ndi enawo, iwo n'kupita kugawo lawo la pafupi ndi matanthwe, iye n'kulunjika kudziwe atavala jombo zatsopano. Moni sapereka. Amabzala mizu ya bango imene amapempha kwa ogwira ntchito, kuunjika timiyala, kuyala masamba owola m'mphepete. Akafuna ndowa amaloza ndi mlomo, Ometa n'kuthamanga nayo. Akafuna kuti asunthe amagwedeza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Tsiku lina anawaponyera chipewa chake kuti amugwirire, ndipo anachifungatira pamwala paja mpaka madzulo. Akamachoka amauza mayi a pageti kuti, "Muwauze asakhudze kanthu," mayiwo n'kukuwa uthengawo pamaso pa Ometa ngati ali kutsidya la mtsinje.

Bango layamba kuphuka, losalingana, lina lalitali lina lalifupi, lina lopindika. Ometa amaliyang'ana manja atawapanira m'khwapa. Anayambanso kupita Lolemba m'mawa, pamene paki imakhala zii, popanda mwana ngakhale mmodzi, kukakhala pamwala kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono imakhala pamaso pako. Chule sudziwa ngati ali m'njira kapena anasamukiratu.

Lolemba lina, ali chikhalire, maso atayamba kulemera, anamva kuti thibu! Anadzidzimuka. Pafupi ndi chipika madzi anali akuchita timizere tozungulira, tikukula, tikufika m'mphepete. Anaima, anawerama, anazungulira mbali inayo chonyang'ama. Sanaone kanthu. Pamwamba pa dziwe pali nthambi ya mtengo wa tizipatso, ndipo tina tinali titagwera kale pansi.

Anathamanga, bambo wa imvi, njira yonse mpaka kukanyumba ka matikiti.

"Mayi, m'dziwe mwagwa chinthu!"

"Chinthu chanji?"

"Chinalira kuti thibu."

"Munachiona?"

"Ndinamva."

"Miyendo munaiona? Maso?"

Ometa anapukusa mutu.

"Ndiye mukufuna ine ndikachitire umboni thibu? Mwana uja mumamudziwa inu, adzafunsa mtundu wake, kukula kwake ndi kumene analowera. Mukamunamiza adzawonjezera chaka. Bwererani mukaone bwino."

Ometa anayang'ana msewu wa kumabasi. Shopu inali isanatsekulidwe, ndipo mwina pabenchi la osoka nsapato panali kale anthu odikira akung'ung'udza. Adikire, tsitsi silithawa. Anatembenuka n'kubwerera kudziwe, akuponda pang'onopang'ono kuti asachite phokoso.